Dzino la a Chikoti

A Wilson Chikoti anachokera ku Mulanje kudzakhala tenanti pa esiteti ya fodya kufupi ndi Kasiya. Esitetiyo itagulitsidwa, matenanti onse anauzidwa kuti atuluke m'nyumba. Anzawo anabwerera kwawo, koma iwo kumudzi kunalibenso munda kapena mbale. Anayamba kugona pakhonde la chigayo, masana n'kumanyamulira anthu matumba.

Chaka chachitatu dzino lakumapeto linabooka. Anayesa kutsekapo fodya, anayesa mchere, osathandiza. Tsaya linatupa mpaka diso linayamba kutsinzina.

Loweruka lina Lilian Chakufwa, dokotala wa mano pachipatala china cha m'deralo, anabwera kudzagayitsa. Anaona bambo atamanga nsanza kuchibwano, akudzandira ndi thumba lake.

"Bambo, tsitsani kaye. Tsayali layamba liti?"

"Sabata ino ndi yachiwiri, mayi."

"Nanga kuchipatala osapita bwanji?"

"Kumene kuja amafunsa mudzi, eti? Ine ndikatchula kuti? Buku langa la kuchipatala linaola ndi mvula. Ndiye onani zovalazi, pabenchi anthu akandithawa."

Lilian anawapempha kuti ayasamule, n'kuunika ndi tochi ya pafoni. Munali mafinya.

"Izi zikatsikira kukhosi zimapha munthu. Sitidikira Lolemba ayi."

Lilian anasiyira wachigayo chimanga, n'kuitana njinga zamoto ziwiri. Linali tsiku lake lopuma, koma anakatenga makiyi n'kutsegula chipinda cha mano. M'buku latsopano, pofunika mudzi, analembapo kuti "Pachigayo, Kasiya." Anachotsa mafinya, anawapatsa mankhwala, n'kuwauza kuti abwerenso Lachinayi kutupa kukaphwa.

Lachinayi a Chikoti anafika atachapa malaya, koma ali ndi mantha. Podikira kuti jekeseni agwire, Lilian anawafunsa mmene amasankhira fodya. Bambo aja anafotokoza za tsamba lapansi ndi lapamwamba mpaka mlomo unalemera, mantha ataiwala. Dzinolo linavuta kuzula. Linaphwanyika, mizu inachita kutuluka umodziumodzi, Lilian thukuta lili kamukamu.

"Zatha. Kuyambira mawa muzichukucha madzi ofunda a mchere katatu patsiku, ndipo muzidya zofewa."

"Madzi ofunda ndiwatenga kuti, mayi? Ine ndilibe poto, ndilibe mbaula."

Malangizo amenewo Lilian anali atauzapo anthu ambirimbiri, koma sanafunsepo ngati munthu ali ndi pofunditsira madzi. Ataweruka anapita kwa a Faness, mayi wa tiyirumu yoyandikana ndi chigayo, n'kuwafotokozera.

"Aa, a Chikoti omwewa? Amanditungira madzi amenewo," anatero a Faness. "Azibwera. Ketulo imakhala pamoto tsiku lonse, phala sililephereka."

Patatha masabata awiri a Chikoti anatulukiranso kuchipatala, tsaya lili bwinobwino.

"Mayi, pamsika paja tilipo angapo ogona m'makonde. Ndawauza, koma kuno akuopa."

Lilian anakambirana ndi akuluakulu a chipatala kangapo konse mpaka anamulola kuti Lachisanu lomaliza la mwezi azipita yekha kumsika. Ofunika kuzula mano aziwabweretsa kuchipatala, koma kuyeza ndi kupereka mankhwala azichitira komweko.

Tsiku loyamba ankayembekeza anthu atatu. Anapeza khumi ndi mmodzi atakhala kuseri kwa tiyirumu, a Chikoti akuwaika pamzere. Onse anaonedwa kupatula mayi wina amene ankayenda akulankhula yekha mumsika. Iyeyo anakana kukhala pampando, dzanja atagwira patsaya.

Lilian anavula magolovesi, anayala chitenje pansi, n'kukhala pambali pake. Anamufunsa dzina, mayiyo osayankha. Anakhala choncho mpaka dzuwa linapendeka, kenaka anamusiyira mankhwala ochepetsa ululu kwa a Faness kuti azimupatsa ndi tiyi.

Tsiku limenelo mayiyo sanatsegule pakamwa. Mwezi wotsatira anabwera yekha, anakhala pansi pomwe paja, n'kuyasamula.