Tinyali ta Lintang

M'mawa wa tsiku la Idi, chaka chimene mvula inakana kusiya mpaka mwezi wa Ramadani unatha tinjira ta ku Kotagede tidakali tonyowa, anthu atabwerako ku swala, mapemphero a pabwalo, ndipo nsapato zawo zitaunjikana pakhomo la nyumba ya mayi ake, Hanung Wicaksono anakhala pampando wakumapeto kwa mzere wa akuluakulu, manja ali pamaondo, akudikira kuti mlongo wake wamng'ono Lintang adzamugwadire ndi kumupempha chikhululukiro, chikhalirecho wolakwa anali iyeyo.

Hanung ankagwira ntchito yokonza mapulogalamu a pafoni. Sanali wa zam'kati zosaoneka zija ayi. Iye ankaganizira malo a batani lililonse, mtundu wake, ndi mawu amene munthu adzawerenge akalidina. Kampani yawo yaing'ono inali ndi pulogalamu yokumbutsa anthu nthawi ya swala, yabwino ndithu, koma anthu ankangoiika pafoni n'kuiiwala, ndipo bwana ankadandaula. Nzeru inachokera kwa Hanung. Anati banja lonse lizilowa m'bwalo limodzi, ndipo aliyense akamaliza kuswali azidina batani kuti kanyali kobiriwira kayake pambali pa dzina lake. Tinyalito tinkandandalika tsiku ndi tsiku, abale onse akuona mzere wa wina ndi mnzake. Munthu akadumphitsa pankatsala malo akuda, ndipo mdimawo ukapitirira, pulogalamu inkatumiza uthenga kwa ena onse. Mawu a uthengawo anawalemba yekha, atawatembenuzatembenuza mpaka atakoma m'kamwa.

Mu ofesi monse amene anatsutsa anali Ratri yekha, mayi amene ntchito yake inali kukhala pansi ndi anthu wamba n'kumaona mmene zala zawo zikusocherera pafoni.

"Mas Hanung, kodi kwanu munabadwa amuna okhaokha?" anafunsa Ratri. Kwawoko mwamuna amamulemekeza pomutchula Mas, mkazi Mbak, ndipo wamng'ono amamutchula Dik.

"Mlongo ndili naye. Bwanji?"

"Ndiye mukudziwa kuti mkazi akakhala kumwezi saswali. Tinyali tanuti tizilengeza kwa amalume ake ndi alamu ake kuti wayamba liti, wamaliza liti. Mwatenga zakuchipinda mwakaziyanika pakhonde."

Anyamata a mu ofesi anaseka, Hanung nayenso anaseka. "Mbak Ratri, ndani ali ndi nthawi yowerenga tinyali ta mnzake?"

"Mulibe azakhali, eti?"

"Chabwino, batani lobisira tidzaliika tikamadzakonzanso."

"Kokonzansoko ndi kumanda, Mas. Zonse zimene ndinakuuzanipo zinagona kumeneko."

Koma anthu anaikonda njira yatsopanoyo. Amene anaiwala pulogalamu anabwerera, nakoka makolo awo ndi asuweni awo. Bwana anayamba kumutchula Hanung pamisonkhano, ndipo anamusankha kuti Idi ikadutsa akafotokoze za tinyalito pamsonkhano waukulu wa anthu a ntchito yawo ku Jakarta, akabwerako adzakhale mkulu wa okonza anzake.

Oyamba kulowa m'bwalo anali a m'banja lake lomwe, poti anachita kuwanyengerera. Lintang analowa asanapemphedwe kawiri, ndipo ankadina mokhulupirika kuti ntchito ya achimwene ake iyende. Anali atakhala pabanja zaka zingapo ndi mwamuna wake Galih, ndipo anali atapita padera kawiri. Paulendo uno, atakhalanso woyembekezera, awiriwo anagwirizana kuti sauza munthu aliyense, ngakhale mayi, kufikira mwezi wachinayi pamene banja limasonkhana kupempherera mimba.

Anali Budhe Warsini, mkulu wawo wa mayi, amene anaulula, tsiku lina kumayambiriro kwa Ramadani banja litakumana kuti limasulire limodzi kusala kudya dzuwa litalowa.

"Kodi nonsenu maso mulibe?" anatero, atakweza foni m'mwamba, zala zili mafuta. "Taonani mzere wa Lintang. Wangawu ndi wosaduka chifukwa ndine nkhalamba, zanga zinatha kalekale. Nanga uyu? Miyezi iwiri yathunthu, popanda ndi kampata komwe! Galih, mwana iwe, wangoti phee ngati mphaka woba nsomba."

Nyumba inadzaza chisangalalo. Mayi anagwira pachifuwa akuyamika Mulungu, asuweni anamumenya Galih pamsana. Lintang anangoyang'ana m'mbale mwake, akumwetulira ngati munthu woti wamupondera chala mlendo wolemekezeka. Hanung anaseka ndi ena onse. Choipa kwambiri, chimene pambuyo pake chinkamuotcha kumaso akachikumbukira, n'chakuti m'mawa mwake anakaifotokoza nkhaniyi ku ofesi monyadira, nati pulogalamu yawo ikulumikiza mabanja. Ratri anangomuyang'ana, n'kutembenukira ku ntchito yake.

Chapakati pa mwezi, masana, Hanung ali chiimire kutsogolo kwa anzake kuyeserera zokalankhula ku Jakarta, foni yake inanjenjemera patebulo. Anaisuzumira. Panali chithunzi cha kanyali komwetulira, ndipo pansi pake panali mawu akuti: "Lintang wasowa paswala masiku ano. Mutumizireni mawu omulimbikitsa!" Anachizindikira chiganizocho monga munthu amazindikirira chovala chake pa thupi la wina. Uthenga womwewo unali utafika pafoni ya mayi, ya Budhe, ya amalume, ndi ya msuweni wokhala kutali ku Kalimantan amene, posadziwa kanthu, anadina yankho lokonzeratu lakuti "Usafooke, dzuka uyambirenso!" Amayi onse a m'banjamo anamva tanthauzo la mdimawo popanda wowauza. Mimba inali itachoka.

Hanung sanaimbe foni. Ankalemba uthenga n'kufufuta, kulembanso n'kufufutanso. Anatumiza zipatso kudzera mwa mayi ake. Anadziuza kuti nkhani yotere imafuna pamaso, ndi kuti Idi, tsiku limene aliyense amapepesa, inali pafupi.

Ndipo tsopano Idi inali itafika, ndipo mwambo unali utamuika iye pampando, Lintang pansi. Ang'onoang'ono ankayenda ndi maondo pamkeka kuchokera kwa wamkulu uyu kupita kwa uyo. Lintang anayamba ndi mayi, nakhalitsa pamenepo. Anapita kwa Budhe, amene anamusisita mutu akufwenthera. Kenaka anafika kwa iye. Anali atawonda, chovala chake choyera chikumulendewera m'mapewa. Anagwira manja a Hanung, naika chipumi chake pabondo lake.

"Mas, ndikupempha mundikhululukire zolakwa zanga zonse, zooneka ndi zam'mtima."

Hanung anamva mpando ukumuotcha. Anayamba kutsetsereka kuti atsike, agwade iyeyo. Koma zala za Lintang zinamukanikiza mwamphamvu zimene sankayembekezera.

"Khalani pomwepo," ananong'ona Lintang, mutu udakali chowerama.

"Dik, woyenera kugwada ndine."

"Mukatsika pampandopo Budhe afunsa kuti kwagwanji, ndipo nyumba yonse itembenukira kwa ine. Andiyang'ana mokwanira, Mas. Ingonenani mawu ake, ndidutse."

Choncho Hanung anakhalabe pampando, naika dzanja paphewa la mlongo wake, nanena zimene wamkulu aliyense amanena pa tsikuli: kuti wamukhululukira, ndi kuti nayenso monga wamkulu ali ndi zolakwa zambiri. Anali mawu oona, koma amalume anali atangowanena kumene kwa mwana amene analibe naye chifukwa, ndipo m'kamwa mwa Hanung sanalemere kuposa pamenepo. Lintang anadzuka, napita kukhitchini.

"Taonani Hanung, misozi mbwembwembwe!" anafuula Budhe Warsini. "Mtima wofewa ngati malemu bambo ake. Bwera kuno, katswiri wathu, kanyali kanga ka m'bandakucha sikanayake, ndipo ndinaswali ine, Mulungu ndi mboni."

Hanung anawakonzera kanyaliko, anthu akumuyamikira.

Kenaka anakamupeza Lintang kukhitchini, ali yekha, akung'amba timitanga ta masamba a kokonati n'kumadula mpunga wa m'katimo. Hanung anaima pakhomo osadziwa poika manja.

"Bwenzi utangotulukamo m'bwalomo, Dik," anatero, ndipo anamva yekha kupusa kwa mawuwo asanathe kutuluka.

"Munthu akatuluka, pulogalamuyo imauza onse kuti watuluka. Mwaiwala? Munakonza ndinu." Sanakweze mawu, ndipo mpeni sunaime. "Ndikuuzeni chimene chimandichititsa manyazi ineyo. Ndili gone pabedi kuchipatala, Galih atapita kukatenga mankhwala, ndinatenga foni. Ndinati ndingodina, ndiname kuti ndaswali, kuti mzere usaduke, ndipezeko masiku ochepa olira ndekha. Mwana wangochoka kumene, ine ndikuganiza za kanyali kanu. Chala chinafika pabatani. Ndinalephera kunamizira swala."

"Ratri anandichenjeza, mnzanga wa kuntchito. Zonsezi ananeneratu."

"Ndiye munkadziwa."

Lintang anamupatsa mbale yodzaza.

"Kaperekeni kwa amalume. Ndakukhululukirani, lero ndi Idi. Musandifunsenso."

Tchuthi chitatha, Hanung anapita kwa bwana napempha kuti bwalo la banja lizimitsidwe lonse. Bwana anamumvetsera mwaulemu, namuonetsa kuchuluka kwa anthu amene ankalowamo tsiku lililonse, nakana. Anavomera ziwiri zokha: kuti uthenga uja usiye kutumizidwa, ndi kuti pakhale batani lobisira mzere. Batanilo analikonza Hanung ndi Ratri, ndipo Ratri sanamukumbutse kanthu, chimene kwa iye chinali cholemera kuposa chitonzo. Ku Jakarta anapempha kuti asapite. Kunapita mnzake wina ndi zokalankhula zomwe zija, ndipo udindo uja unapita kwa yemweyo.

Lintang anapitiriza kubwera kwa mayi Lachisanu lililonse, ankamupatsa moni mchimwene wake ndi kumufunsa za ntchito. Chaka chotsatira anakhalanso woyembekezera, ndipo Hanung anamva kwa mayi ake mimba itaonekera kale kwa aliyense wodutsa mumsewu.