Gasi wa pa Chitunda cha Tsikani

Nazário anatha masabata atatu akudzutsa injini ya karinya, kagalimoto ka bodi ka mlamu wake Artur, koma pamene inalira, iye sanasangalale. Anangokhala pa tayala lakutha n'kutambasula miyendo, msana ukuwawa. Anali atapitirira zaka makumi asanu, ndipo umakaniko anauphunzira ku Petauke m'masiku a nkhondo, ali wothawa kwawo. Ofisina yake yokonzeramo magalimoto ku Fingoè inali chisakasa cha malata asanu ndi limodzi kuseri kwa msika.

Mu injinimo munalibe chatsopano kupatula olyo ndi junta yotchipa ya ku Tete, yotsekera mpata pa mutu wa injini. Mapistau anali akale omwewo, anangowapala mwaye. Mphete zake anazizula m'galimoto ina imene inawolera pabwalo la misau, kumishoni.

"Iyenda," Nazário anamuuza Artur. "Koma muziitenga ngati nkhalamba, alamu. Ikatopa, muziisiya ipume."

Karinyayo inkanyamula anthu, chimanga ndi mbuzi pakati pa Fingoè ndi Chiputo kawiri pa sabata. Panjirapo panali chitunda chimene apaulendo anachitcha Tsikani, chifukwa pamenepo aliyense ankatsika n'kukankha. Artur chinkamupweteka mtima chitundacho. Anthu anali atayamba kudikira lole ya Patrício, imene inkakwera osatsitsa ngakhale mwana.

M'mawa mwake Artur anabwera atakumbatira botolo lachitsulo, lobiriwira, lalitali ngati mkono, pamodzi ndi timapaipi ndi mawaya. Anali ataligula kwa mnzake wochokera ku Joni, amene ankati anyamata a kumeneko amapikisana nalo liwiro.

"Amati nitro," anatero Artur. "Mukangodina batani, gasi amalowa mu injini, mphamvu n'kuwirikiza. Mundiikire."

Nazário analitembenuza botololo m'manja. Anali atamvapo za gasi ameneyu.

"Alamu, izi amaika m'mainjini a mapistau olimba, opangidwira zimenezo. Yanuyi ndaisoka ngati thumba. Mukufuna kumwetsa kachasu munthu wongotuluka kumene m'chipatala?"

"Ndiye mukukana?"

"Ndikukana."

"Chabwino. Ndikaika ndekha."

Masana, akudya, Teodora, mkazi wa Nazário, amene anali mlongo wake wa Artur, anamvetsera nkhani yonse. Kenako anati, "Bambo a Elsa, achimwene mukuwadziwa. Akati aika, aika. Ndipo akalumikiza molakwa, adzapsa ndi anthu khumi kumbuyo. Bola muike ndinu."

Nazário anasamba m'manja n'kubwerera ku ofisina. Pa timphuno totulutsira gasi tinayi timene tinali m'kathumba, anasankha kakang'ono koposa. Anawonjezera njira ya mafuta a gazolina, nabweza moto wa injini pang'ono kuti usamafulumire. Botolo analimanga kuseri kwa mpando ndi malamba awiri. Atamaliza anamugwira Artur pamkono.

"Pa Tsikani pokha. Injini ikhale ili kale pa liwiro, osati ikutsamwa. Mukadina, muwerenge mpaka zisanu, basi, chala chichoke. Mwamva?"

"Ndamva, alamu, ndamva."

Sabata yoyamba karinya inakwera Tsikani osatsitsa munthu. Artur anafika pamsika akuliza hutala, amayi a kumbuyo akululutira. Anthu anabwerera kwa iye. Ena ankakwera dala kuti akamve mmene galimoto imadumphira ngati yalumidwa ndi mavu.

Nazário yekha ndiye sankagona nazo mtendere. Lachitatu lililonse ankamasula mavela, timapulagi ta moto tija, n'kuyang'ana kunsonga kwake. Poyamba tinali tofiirira bwino. Mwezi wachiwiri tinayamba kuyera, ndipo pa kapulagi kachitatu anaona timadontho tonyezimira ngati mchenga. Anadziwa kuti chimenecho ndi chitsulo cha pistau chikusungunuka pang'onopang'ono. Ankamasulanso botolo n'kulinyamula kuti amve kulemera kwake. Kowonjezera gasi kunalibe, kaya ku Fingoè kaya ku Tete. Pemphero lake linali limodzi: botolo lithe injini isanathe.

"Mukuwerenga mpaka zingati?" anamufunsa Artur tsiku lina.

"Zisanu."

"Mukuwerenga bwanji?"

Artur anaseka n'kuyang'ana kumbali. Nazário sanafunsenso. Anali atatopa ndi kulankhula.

Kumayambiriro kwa Disembala mpingo wa ku Chiputo unafuna matumba a simenti khumi ndi awiri ndi malata afike msewu usanatsekeke ndi mvula. Amayi Quitéria, msungichuma wa mpingowo, anakwera kutsogolo atafumbata ambulera. Nazário ataona mmene masipuling'i anaphwathalalira, anatenga bokosi lake la zitsulo n'kukwera pamwamba pa simenti, osaitanidwa.

Mvula inali itagwa dzulo lake. Pa Tsikani dothi lofiira linali loterera ngati therere. Karinya inafika pakati pa chitunda, matayala n'kuyamba kuzungulira pamodzimodzi, liwiro likutsika. Nazário anamenya denga ndi chikhatho.

"Imani! Titsitse katundu!"

M'malo moima, anamva injini ikukuwa. Anawerenga mumtima. Zisanu. Zisanu ndi zitatu. Khumi. Matope ankaulukira m'mwamba, galimoto ikukwawa chammbali. Pa khumi ndi zisanu mu injini munamveka kugogoda kouma, ngati munthu akukhoma msomali m'kati mwa chitsulo, kenako utsi wabuluu unatuluka pansi ponse. Karinya inafika pamwamba ikutsimphina, n'kuzima yokha.

Amayi Quitéria anatsika, nayang'ana utsiwo, nafunsa ngati simenti yanyowa.

Nazário anamasula vela yachitatu. Kunsonga kunalibe kanthu, kunali kutasungunuka. Analowetsa waya pabowopo, ndipo wayayo anapitirira mpaka pansi osagunda kanthu.

"Pistau yabooka," anatero.

Artur anali atatsamira chitseko, malaya atanyowa ndi thukuta. "Ndimaona ngati tikaima tibwerera chambuyo ndi katundu yense," anatero motsitsa mawu. "Ndinachita mantha, alamu."

Nazário anali atakonzekera mawu ambiri kwa miyezi itatu, koma pamenepo anapeza kuti alibe mphamvu yowanenera. Anayang'ana kumunsi kwa chitunda, kumene msewu unkakhotera pamphepete pa chigwembe. Mwina mlamu wakeyo sananame.

"Tengani mwala muike kutayala," anatero.

Kuchokera pamenepo mpaka ku tchalitchi unali ulendo wa maola awiri wapansi. Amayi Quitéria anapita okha, ndipo dzuwa litapendeka anabwera ndi amuna a njinga asanu ndi mmodzi ndi ngolo ya ng'ombe. Simenti inapita pa njinga, thumba limodzi limodzi, malata pa ngolo. Karinya anaikoka mawa lake ndi ng'ombe zinayi mpaka pabwalo la tchalitchi, ndipo inakhala pomwepo dzinja lonse, nkhuku zikuikira mazira pansi pake.

Msewu utauma mu Epulo, Nazário anapita kukaitsegula. Chitsulo chosungunuka chinali chitakanda khoma la silinda mozama moti chikhadabo chinkakodwa. Panalibenso chokonza. Artur anafunsa ngati sangapeze injini ina yakale, ndipo Nazário anapukusa mutu.

"Manja anga atha, alamu. Injini ina muipezere munthu wina."

Chimene anavomera chinali chopepuka. Anadula karinyayo pakati, natenga ekiselo yakumbuyo ndi bodi yake, nawotcherera mpini wautali kutsogolo. Inatuluka ngolo yolimba kuposa zonse za ku Chiputo, yonyamula matumba khumi ndi asanu. Artur anabwereka ng'ombe ziwiri kwa apongozi ake n'kuyamba kututa chimanga cha anthu kuchokera m'minda.

Nazário anabwerera ku Fingoè pa lole ya Patrício, atakhala pa thumba la mtedza. Atafika sanapite ku ofisina. Anapempha Teodora madzi otentha, naviika mapazi m'beseni pakhonde, ndipo munthu wa njinga yamoto amene anabwera kudzamufuna anauzidwa kuti abwere Lolemba.