Mtsikana Pagolo

"Thamangani, inu! Mpirawo suluma!" anakuwa Kochi, koma anyamata ake ankangodzikoka ngati odwala malungo.

Kochi anali mlonda pamalo osungira ana olakwira malamulo, ndipo mpira unali moyo wake. Kale kunkabwera zimphona zoba mbuzi, zozolowera kuthawa agalu, moti pabwalo zinkachita kuuluka. Tsopano kunadzaza tiana ta m'tauni tonamiza anthu pafoni, timiyendo ngati bango, komanso atsikana, amene poyamba kunalibe ndi mmodzi yemwe.

Loweruka kunali masewera ndi sukulu yapafupi, tsiku lokhalo limene anawo ankatuluka pageti. Abwana a pamalopo anali atanena mosapsatira mawu kuti timu ikapanda kukwana, pabwalopo alimapo kabichi. Ndipo wapagolo panalibe.

Mnyamata wina anaphonya chigoli, mpira n'kulunjika kumene atsikana ankayanika zofunda. Mtsikana wina wamtali anataya bulangete, n'kudumpha, n'kuuwakha m'malere, phaa!

Kochi anatembenukira kwa anyamata aja. "Mumenyereninso!"

Anamenya chamwamba, mtsikanayo anawakha. Anamenya chapansi, anaugwera.

"Mwana iwe, unaphunzira kuti zimenezi?"

"Kudepoti, bambo. Anzanga ankaponya zikwama za eni pawindo la basi, ine n'kumawakha pansi. N'zomwe anandigwirira."

"Aa, zimenezo usamanene mokweza!" anatero Kochi, uku misozi ili mbwembwembwe ndi phwete. Anathamangira ku ofesi, n'kulowa osagogoda.

"Abwana, kabichi wanu mukalime kwina! Wapagolo ndam'peza!"

Abwana atamva nkhani yonse anakwinya nkhope. "Mtsikana? Timu ija ndi ya anyamata."

"Inali ya anyamata chifukwa tinkasunga anyamata okhaokha. Tasuzumirani pawindopo muone amene tikusunga lero."

Abwana anasuzumira. Atsikana onse anali atasiya zochapa, atazungulira golo, akuchemerera mnzawo. Nawo anyamata ofooka aja anali akulimbirana mpira ndi mtima wonse, aliyense kufuna kumugoletsa.

"Chabwino," anatero abwana. "Koma matroni apite nawo."

Kochi anabwerera kubwalo akuvina ngati mwana. Mtsikanayo atamva zoti asewera Loweruka sanadumphe. Anayang'ana manja ake ofiira chifukwa chowakha mpira, n'kufunsa motsitsa mawu.

"Bambo, amayi anga angabwere kudzaonera? Komaliza anandiona ndili m'maunyolo."

Kochi anasiya kuvina. Anapisa m'thumba n'kutulutsa foni yake.

"Tchula nambala, mwanawe."