Mawu a Malemu Zenzi pa Chipale

Wendelin Gstrein anachita khungu ali kale bambo wa ana awiri, koma kutsetsereka pa chipale chofewa cha m'mapiri sanasiye. Nyengo yozizira iliyonse iye ndi mkazi wake Zenzi ankakwera kumutu kwa chigwa chawo ku Tirol, dera la mapiri ozizira, kumene madzi oundana anadzaza pakati pa mapiri ngati mtsinje woiwala kuyenda. Pokwera ankavala nsapato zotambalala ngati malichero kuti asamatitimire, matabwa otsetserekera ali kumsana. Potsika Zenzi ankatsogola akufuula, "Kumanzere! Kumanja! Ima!" Wendelin ankangotsata mawuwo, n'kumalambalala ming'alu imene inamezapo anthu openya.

Zenzi anamwalira masamba akuyoyoka, atangodwala pang'ono. Chipale chinagwa, anthu anayamba kukwera phiri, koma Wendelin ankangokhala pambali pa moto, wailesi ikudzilankhulira yokha.

M'mawa wina kunatulukira Burgl, mng'ono wake wa Zenzi, mayi wosabisa mawu amene ankagulitsa buledi kumunsi kwa chigwa.

"Alamu, mwanenepatu ngati nkhumba ya pa Khirisimasi," anatero asanavule n'komwe chipewa. "Dzukani. Kunja kwacha bwino, tikupita kumtunda."

"Ndi inuyo? Munthu woti kumanja ndi kumanzere mumachita kufunsa? Mukandiponya m'dzenje."

"Ndikakuponyani, abale tipumeko. Matabwa ali kuti?"

Wendelin anakana, nakananso, koma Burgl anali atalowa kale mosungira katundu, akugwetsa zinthu. Pofuna kupulumutsa zotsalazo, bamboyo anadzuka.

Kukwera kunayenda bwino. Anamangirirana chingwe m'chiuno, Burgl patsogolo, akupuma mwawefuwefu moti analibe mpata wolongolola. Wendelin ankazindikira malo onse. Anadziwa pamene mitengo inathera chifukwa mphepo inamuwomba kumaso popanda chotchinga. Anadziwanso atafika pa madzi oundana, pakuti kuzizira kwa pamenepo kumachokera pansi, n'kulowa m'mafupa. Pamwamba anakhala pa zikwama zawo, nadya buledi ndi nyama ya nkhumba yofutsa, n'kumwera tiyi wothira kachasu pang'ono. Dzuwa linkamutentha masaya. Wendelin anadabwa kuona kuti njala inali itamugwira ndithu.

Atamanga matabwa kumapazi, Wendelin anati, "Muzifuula kwambiri. Musadikire kuti ndifike pokhota. Ndipo musasiye kulankhula, chifukwa mukangokhala chete, ine ndimadzigwetsa."

"Ine kukhala chete? Munamvapo kuti?"

Anayambapo. "Kumanzere!" anafuula Burgl. M'nyumba, mawu a Burgl anali ake, othamanga ndi okalipa. Koma kuno, akufuula pa mtetete, mphepo ikuwabweza, anali mawu a Zenzi enieni, mpaka kakokedwe ka kumapeto.

"Kumanja! Eya, choncho! Kumanzere!"

Mawondo a Wendelin anamasuka okha. Matabwa ankadula chipale mofewa, thupi likupendekera uku ndi uku monga linazolowera zaka zonse zija. Maliro, nyumba yozizira, bedi la munthu mmodzi, zonse zinamuchoka m'mutu. Anayamba kuseka.

"Zenzi, mkazi iwe!" anakuwa. "Ukuthamangira chiyani? Tandidikira!"

Kutsogolo kunangoti zii.

Wendelin anatsetserekabe pang'ono mumdima wakewo, makutu ali tcheru, kenako anadzigwetsera cham'mbali. Chipale chinamulowa m'khosi ndi m'manja mwa malaya. Sanavulale paliponse, koma sanadzuke. Anali atakumbukira kuti Zenzi kulibe.

Patapita nthawi anamva Burgl akukwera kubwerera, matabwa akuguguda pang'onopang'ono. Anadzakhala pambali pake. Ankalira, munthu amene pamaliro a mkulu wake anakhalira kudula buledi ndi kulondolera alendo pokhala, osagwetsa msozi.

"Pepani alamu. Ndakugwetsani."

"Wopepesa ndine."

"Mukuganiza kuti ine sindikumva? Chiyambire pamwamba paja ndikumumva Zenzi akutuluka m'kamwa mwangamu. Ndimati mwina inu simuzindikira."

"Munthu wakhungu asazindikire mawu?"

Burgl anamina, n'kuyesa kuseka, koma sizinatheke. Anakhala choncho mpaka thukuta linayamba kuwazizira pamsana.

"Ndikhoza kuyesanso," anatero Burgl. "Ndizinenepetsa mawu ngati mwamuna."

Wendelin anaganiza. Kunena zoona, ankafunitsitsa kumvanso mawu aja, ngakhale pokhota pamodzi pokha. Koma ankadziwanso kuti pofika pansi adzayenera kumuikanso m'manda mkazi wake.

"Ayi," anatero. "Timasule matabwawa."

Anavalanso nsapato zotambalala zija natsika wapansi, ulendo umene pa matabwa ukanakhala waufupi. Burgl anagwira ndodo kutsogolo, Wendelin kumbuyo, ndipo pokhota ankangoikoka osanena kanthu. Achinyamata ena anawadutsa akuuluka pa matabwa, mmodzi n'kufunsa ngati wina wathyoka mwendo. Burgl anangowakupizira dzanja kuti azipita. Anafika kumitengo dzuwa litabisala kale kuseri kwa phiri, zala za kumapazi zitachita dzanzi.

Wendelin sanakwerenso kumadzi oundana. Matabwa ake anapatsa mwana wa mnansi, koma a Zenzi anawasiya pamene anali. Burgl anapitiriza kubwera Lamlungu lililonse ndi buledi wotsala kusitolo, kudzamunyoza za kunenepa ndi za mbale zosatsuka. Chimodzi chokha anasintha. Kale ankangoitana ali kumpanda. Tsopano ankayenda mwakachetechete mpaka pakhomo, n'kugogoda, n'kunena motsitsa kuti, "Ndine Burgl," asanalankhule china chilichonse.