Nappi ndi Mano a Alamu

Helvi anali atangopuma kumene pa ntchito ya uzamba pamene anatenga kagalu. Anthu a m'mudzi wa Ahmavaara, m'dziko lozizira la kumpoto kwenikweni, ankati mayi amene walandira makanda a eni ake kwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu sangathe kukhala m'nyumba yopanda cholira. Mwina ankanena zoona. Kagaluko anakatenga mu Novembala kwa bambo wina woweta mphalapala kutsidya kwa mtsinje. Kanali kakuda, kaubweya wambiri, kali ndi timadontho tiwiri tofiirira pamwamba pa maso. Anakatcha Nappi.

Kuyambira pamenepo zogona mpaka mochedwa zinatha. Nappi ankadzuka msanga nkuyamba kukanda chitseko. Helvi ankavala masokosi awiri kuphazi lililonse, chijasi ndi chipewa, nkuyatsa katochi kapachipumi, kenako nkutenga fosholo yochotsera chipale chofewa chomwe chinkagwa kuchokera kumwamba nkuunjikana pakhomo. Iye akamataya chipalecho kumbali, Nappi ankadumphira pafosholo pomwepo. Tsiku lozizira kwambiri kagaluko kankanyamula phazi ili, nkunyamula ilo, nkumuyang'ana Helvi ngati ndiye wabweretsa chisanucho.

"Usandiyang'ane ine," ankatero Helvi. "Unabadwira konkuno wekha."

Akamwa khofi ndi buledi wakuda, nkhuni atalowetsa, kunja kutayamba kuyera, Helvi ankatenga matabwa ake otsetserekera pachipale. Matabwa amenewa anayamba kuwaponda asanayambe ndi sukulu yomwe, ndipo ankafuna kuti Nappi awazolowere akadali wamng'ono. Dokotala wa ziweto anali atanena kuti galuyo asakoke munthu kufikira atakwanitsa chaka, azingothamanga pambali, mtunda waufupi. Koma Nappi anali ndi maganizo ake. Tsiku loyamba analuma nsonga ya thabwa. Helvi atamuletsa, anagwira ndodo yake yokankhira. Atamulanda ndodoyo, anazungulira kawiri nkumumanga miyendo ndi chingwe, ndipo Helvi anagwa chagada, khuu! Ali gone choncho, kagalu kanamukwera pachifuwa nkumunyambita magalasi.

Vuto lenileni linali Aulis, mlamu wake, mwamuna wa mng'ono wake Onerva. Aulis anakalambira m'nkhalango akudula mitengo, ndipo atapuma anadzipatsa yekha ntchito yokonza njira ya m'mudzimo yotsetserekamo. M'mawa uliwonse ankakwera njinga yake yamoto yapachipale, kumbuyo akukoka chitsulo cholemba timizere tiwiri toyendamo matabwa, makilomita asanu ndi awiri kuzungulira phiri. Palibe ankamulipira. Onerva ankati njirayo ndi mkazi mnzake.

Tsiku lachitatu Aulis anawapeza pamphambano, nkuzimitsa njinga.

"Alamu, kodi kuwerenga munaiwala?" anafunsa, akuloza chikwangwani choletsa agalu chomwe anakhoma yekha pamtengo.

"Ine ndimatha. Nappi ndiye sanayambe sukulu."

"Taonani kumbuyo kwanuko! Ndadzuka mamawa kusalaza, inu mwabwera ndi khasu la miyendo inayi."

Helvi anacheuka. Zoonadi, timizere tija tinali titabowokabowoka.

"Pepani alamu. Koma ndi mwana."

"Mwana wanu ameneyu mukamulembetse kumkaka. Kuno ayi."

Helvi sanakwiye, poti ankadziwa kuti mlamu wake sakunama. Anayamba kumapita kudambo la kuseri kwa nyumba yake, lomwe nyengo imeneyi limauma gwa ndi chisanu. Kumeneko kunalibe njira. Chipale chinkafika m'mawondo, ndipo Helvi ankachita kuswa yekha, thukuta kamukamu ngakhale nsidze zake zitayera ndi chisanu. Nappi ankamira nkutumphuka, kumira nkutumphuka, mpaka anatulukira nzeru: anayamba kuima kumbuyo pamatabwa a Helvi kuti azimukoka.

"Dokotala anati iwe usandikoke," ankadandaula Helvi. "Sananene kuti ine ndizikukoka."

Akafika pamwala waukulu pakati pa dambo ankapuma. Helvi ankavula magolovesi nkusungunula ndi zala timibulu tachipale tomwe tinkamata pakati pa zala za Nappi. Kenako ankagawana soseji. Pobwerera, kagalu kakatopa, ankakaika m'chikwama chakumsana, mutu wokha uli panja, nkumamva kakupumira m'khosi mwake. Chichokereni ana ake kupita ku mzinda wa Oulu, Helvi anali asanayankhulepo kwambiri ngati nyengo imeneyo.

Lachinayi lina mu Januwale, akuyandikira pomwe dambo limakumana ndi njira ya Aulis, anaona njinga ija itaima, yozimitsa. Mwini wake anali atagwada m'mbali mwa njira, akufukula chipale ndi manja. Helvi anafulumira.

"Alamu! Mwavulala?"

Aulis anapukusa mutu osatembenuka.

"Nanga mwataya chiyani? Makiyi?"

Anapukusanso mutu. Kenako anatembenuka pang'onopang'ono, atatseka pakamwa ndi golovesi. Masaya ake anali atalowa m'kati.

"Mufandifeke," anatero.

"Mukuti chiyani?"

"Ndati mufandifeke! Mano."

Apa ndi pomwe Helvi anamvetsa. Mlamu wake ankati asamuseke. Pang'ono ndi pang'ono nkhani inatuluka: Aulis anayetsemula njinga ikuthamanga, ndipo mano ake oikirira akumwamba anauluka. Sanaone komwe anagwera. Chipale chinali chagwa chatsopano, chofewa ngati ufa, ndipo chinthu chikagweramo sichisiya ndi dzenje lomwe. Choipa kwambiri, Loweruka kunali phwando la Onerva lokwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo Aulis ndiye amayenera kuyankhula pamaso pa abale onse. Mano atsopano akanatenga masabata atatu.

Helvi analuma mlomo. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana mitengo, anayesa kukumbukira maliro. Sizinathandize. Anaphulika chiseko mpaka anachita kutsamira ndodo.

"Ndinakuuzani," anatero Aulis mokhumudwa.

"Pepani alamu, pepani ndithu. Tiyeni tifune."

Anavula matabwa nkugwada naye. Anamasulanso Nappi kuti chingwe chisawasokoneze. Anafukula apa, anafukula apo, zala zikuchita dzanzi. Nappi ataona akuluakulu awiri akukumba, anaganiza kuti tsiku lake lafika. Anayamba kukumba nawo, chipale chikuulukira kumaso kwa Aulis. Kenako anasiya, ananunkhiza m'mwamba, nkuthamangira kumbuyo, kutali ndithu ndi pomwe iwo ankafufuza. Analowetsa mutu wonse pansi pa kamtengo, mchira wokha ukugwedera panja.

Nappi atatulutsa mutu, Helvi anakhala pansi. Nappi anali atanyamula manowo, oyera mbee, atatulukira kutsogolo kwa kamwa lake. Kagalu kanali kakumwetulira ngati mkwati pachithunzi.

"Ndi amenewo!" anakuwa Aulis. "Bwera nawo! Bwera kuno, galu wabwino!"

Koma anadzuka mofulumira kwambiri, manja atatambasula. Nappi anawerama, matako m'mwamba, kenako liwiro. Ndipo sanathamangire kudambo ayi. Analowa m'njira yoletsedwa ija, yosalala bwino, yomwe ankangoiona patali masabata onsewa.

"Mugwireni! Awatafuna!"

"Musamuthamangitse, akuyesa masewera!"

Aulis sanamve. Anathamanga ndi nsapato zake zolemera, akupondaponda timizere tomwe anali atangolemba kumene. Nappi ankamudikira afike pafupi, nkuzemba, nkuima patsogolo pang'ono mano ali langalanga. Anazungulira chikwangwani chija katatu, mkulu uja ali pambuyo, mpweya uli tolotolo kutuluka m'kamwa.

Helvi anapukuta misozi isanaume m'masaya. Anatsegula chikwama, natulutsa soseji, nkukhala pansi mwakachetechete ngati alibe nazo ntchito. Anamatula pepala lake mokweza. Nappi anaima. Anayang'ana Aulis, anayang'ana soseji. Anabwera chothamanga, nalavula manowo pamwendo pa Helvi, nkulandira malipiro ake.

Manowo anali bwinobwino, kupatula kachizindikiro kamodzi ka dzino la galu m'mbali. Helvi anawatsuka ndi khofi wa m'fulasiki. Aulis anatembenukira kumbali, nawalowetsa, nasuntha nsagwada kawiri. Nkhope yake inabwerera.

"Akumveka bwanji?" anafunsa Helvi.

"Khofi. Ndi galu pang'ono." Anayang'ana njira yake yomwe tsopano inali ngati padutsa ng'ombe. "Zambirizo ndaponda ndine," anavomera. Kenako anatsitsa mawu. "Alamu, Onerva asamve."

"Azamba sitiulula. Ndaona zambiri kuposa nkhama zanu."

Loweruka Aulis anayankhula bwino kwambiri. Anayamikira mkazi wake mpaka Onerva analira, ndipo alendo anadya nsomba yowamba ndi keke ya zipatso za m'dambo. Helvi anangoyang'ana m'mbale yake nthawi yonse imene mlamu wake ankamwetulira.

Lolemba m'mawa, akuthira khofi, anamva njinga yamoto kuseri kwa nyumba. Nappi anakwera pampando nkuyamba kuuwa pawindo. Helvi anavala chijasi natuluka. Kuyambira pakhomo lake lakumbuyo panali njira yatsopano, yotakata, timizere tiwiri kumanja, kumanzere malo osalala othamangamo galu. Inkalowera kudambo, kudutsa pamwala waukulu uja, nkukhotera kunkhalango. Aulis anali atakhala panjinga, akunamizira kukonza galasi.

"Alamu, kodi mwasochera?"

"Njinga yakalamba iyi. Imangopita komwe yafuna."

"Ndiye yasochera makilomita angati?"

"Atatu. Ndipo izisochera Lolemba ndi Lachinayi, chipale chikagwa." Anatulutsa kanthu m'thumba nkuponyera Nappi. Kanali kachidutswa ka nyama yowuma ya mphalapala. "Koma kwanga kuja asapondeko. Lamulo silinasinthe."

"Tamva, bwana. Lowani mumwe khofi."

"Ndikalowa, kunyumba akandifunsa komwe ndinali. Mng'ono wanu uja akundikayikira kale. Akuti bwanji masiku ano ndikumatsuka mano kawirikawiri."

Analiza njinga nkumapita.

Helvi sanamalize nkomwe khofi wake. Anamanga matabwa, namangirira chingwe m'chiuno, nkuponda m'timizere tatsopanoto. Atakankha ndi ndodo kamodzi kokha, anatsetsereka mtunda womwe kale ankauvutikira ndi mapazi khumi. Nappi anayang'ana nsonga ya thabwa, ndipo Helvi anaona kuti akuilakalaka. Koma kutsogolo kunali njira yotseguka, yoyera, yopanda phazi la wina aliyense. Kagalu kanatchera makutu nkuyamba kuthamanga pambali pake, osakoka, osatsalira, lilime lili panja.

Sabata isanathe, mbiri inali itamveka. Mphunzitsi wa pasukulu anabwera ndi galu wake wokalamba, ndipo mayi wa kusitolo anabwera ndi awiri. Pamwala paja panayamba kumakhala anthu, mafulasiki akuyenda dzanja ndi dzanja, agalu akugubuduzana m'chipale. Aliyense ankafunsa chomwe chinamufewetsa Aulis, munthu amene wakhala akukana zimenezi kwa zaka khumi.

"Ukalamba," ankayankha Helvi, nkupatsa Nappi soseji yotsala.