Msonkhano Unasamukira Kumpopi

Achemwali anga anabwera kuchokera ku msonkhano wa komiti nkhope ili yakugwa, baji yawo ili m'manja m'malo mokhala pachifuwa. Ine ndinadziwiratu kuti pali nkhani. Kwathu amanditchula Wayilesi, ati chilichonse chochitika m'dera lathu chimayamba chadutsa m'makutu mwangamu. Amakokomeza, koma pang'ono pokha.

"Achemwali, akukalipirani?" ndinafunsa ndikuwatsatira kuchipinda.

"Choka iwe."

"Kapena akulandani udindo?"

"Ndati choka! Zimitsa wayilesi yakoyo."

Sindinachoke. Chipindacho ndi cha tonse, bedi lakenso ndi limodzi, ndiye ndikanapita kuti?

Ndikuuzeni kaye chiyambi chake. Achinyamata a m'dera lathu anasankha achemwali kuti aziwaimira ku komiti ya chitukuko. Ine ndinkaganiza kuti ntchito yake ndi kuvala baji, kukhala pampando wapulasitiki ndi kumwa zoziziritsa kukhosi. Ndinkafunitsitsa kudziwa zimene amakakambirana kumeneko, koma ndikafunsa ankangoti, "Ndi za akuluakulu."

Tsono kuseri kwa msika kuli chipinda chachikulu chamalata, chamawindo osweka, chimene chakhala chokhoma kuyambira ndili wamng'ono. A komiti anati achinyamata angathe kuchitenga, bola agwirizane chochita nacho. Akalephera pofika msonkhano wotsatira, chipita kwa abambo a hadiweya kuti azisungiramo simenti. Ndipo simenti ikalowa mmenemo, ndiye kwatha, sitidzachionanso.

Achemwali anadzaulula zonse tili pakhonde. Amayi ankasita zovala za makasitomala awo, abambo ankapukuta magalasi awo owotcherera zitsulo.

"Ndinaimirira n'kunena kuti achinyamata akufuna tebulo la pulu ndi kanema woonerapo mpira," anatero achemwali. "Apampando, mayi aja a magalasi, anandifunsa kuti, 'Achinyamata ake ati?' Ndinati amene amabwera kumisonkhano yathu. Iwo amvekere, 'Atsikana analipo?' Ndinati ndinalipo ine. Anthu onse anaseka. Ndiye akuti ulendo winawo akufuna awaone atsikanawo ndi maso."

"Nanga sumawaitana?" anafunsa abambo.

"Ndimawaitana! Sabwera. Safuna zachitukuko, ndi aulesi basi. Amabwera ndi Jekete yekha ndi anzake."

Jekete ndi mnyamata amene savula jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo. Palibe amene anaonapo mikono yake. Ena amati ali ndi chipsera, ena amati malaya am'kati ndi ong'ambika. Ine ndinafufuzapo ndithu, koma sindinapeze mutu wake.

"Komansotu Jeketeyo musamudalire," ndinatero. "Abambo a hadiweya akufuna kudzaima pa chisankho. Alonjeza anyamatawo majezi a mpira akangoiwala za chipinda."

Achemwali anangogwira kumutu.

"Odi kumeneko! Ndikumva andale akudandaula." Anali anamwino, aneba athu, akuyanika yunifolomu yawo pa mpanda. Nawonso makutu ali nawo, koma iwo palibe amene amawatchula Wayilesi. Analowa n'kukhala pa chitini cha penti chimene timachiyesa mpando wa alendo.

"Mwanawe, misonkhano yakoyo umaitanitsa nthawi yanji?" anafunsa achemwali.

"Madzulo, ana akaweruka kusukulu, inenso ndikatseka kusaluni."

"Iwe Wayilesi, nthawi imeneyo umakhala kuti?"

"Kumpopi," ndinayankha. "Madzi amatuluka nthawi yomweyo basi. Ukachoka pamzere, ndowa yako amaikankhira kumbuyo. Madzi akasiya usanatunge, ubwerera chimanjamanja, ndiye kunyumba ukaziona."

"Pamzerepo pamakhala ndani?"

"Atsikana onse a dera lino."

Achemwali anandiyang'ana ngati ndayankhula chilankhulo chachilendo. Iwo anasiya kutunga madzi atayamba ntchito kusaluni. Amangopeza ndowa zodzaza, ngati zimadzaza zokha.

"Waona?" anatero anamwino. "Ife tikafuna kupereka katemera, sitimangokhala kuchipatala n'kumati amayi ndi aulesi. Timanyamula bokosi n'kupita kumene ali, pa nthawi imene alipo. Woimira anthu amayamba ndi miyendo ndi makutu. Pakamwa pamabwera pomaliza."

Apa ine ndinaona kuti mwayi wanga wafika.

"Asavutike n'kupita, ine ndikudziwa kale zimene amafuna! Make mapasa, wa kuseri kwa chigayo uja, anasiya sukulu atatenga mimba, ndiye tsiku lina ndinamumva akuuza mnzake kuti..."

"Ima kaye. Anakutuma?"

"Ayi."

"Ndiye mawuwo ndi ake, asiye. Zimene wamva akuuza mnzake si zoti mkulu wako akanene ku komiti. Akamufunse yekha, ndipo amufunsenso ngati walola kuti zikanenedwe pagulu."

Izi zinandidabwitsa kwambiri. "Koma anamwino, kusiyana kwake n'kotani? Achemwali amanyamula mawu a anthu. Inenso ndimanyamula mawu a anthu. Bwanji iwo anawapatsa baji, ine n'kungondipatsa dzina?"

"Iwe umanyamula osatumidwa," anatero anamwino.

Abambo anaseka mpaka kutsokomola. Ine sindinaseke. Ndinagona ndikuganizabe zimenezo.

Mawa lake achemwali anapempha kuweruka msanga, anasiya baji pabedi, n'kutenga ndowa yobiriwira ija yothyoka chogwirira. Titafika kumpopi, mzere wa ndowa ndi zigubu unali utakhota kale mpaka pa golosale.

"Eee, taonani! Anduna abwera!" anakuwa mtsikana wina amene timamutchula Chikuni chifukwa sachedwa kuyaka. "Anduna, mwasochera? Ofesi yanu si kuno."

"Apatseni malo kutsogolo, angadetse nsapato," anatero wina.

Achemwali anangowadutsa. Anakaika ndowa yawo kumbuyo kwenikweni, n'kukhala pamwala ngati wina aliyense. Anthu atatopa ndi kuwaseka, iwo anati, "Anzanga, ndinalakwitsa nthawi ya misonkhano. Ndabwera kudzafunsa. Chipinda cha kuseri kwa msika chija chitakhala chanu, mungachite nacho chiyani?"

Atsikana anayang'anana. Mpopi wokha ndi umene unkatsokomola. Kenako Chikuni anati, "Ine kwathu sindiwerenga. Tebulo ndi limodzi, lomwelo pamakhala mbale, lomwelo pamakhala wayilesi. Mayeso akubwera ndipo ndikhoza za ziii." Wina anati mvula ikagwa alibe poluka tsitsi la makasitomala. Winanso anati, "Bola pakhale chitseko chotsekeka, ana asamatisokoneze." Mawu anachuluka mpaka mayi wogulitsa madzi anakalipa kuti ndowa ya wina ikusefukira.

Make mapasa anali chapatali ndi ana ake. Koma pobwerera anayenda pambali pa achemwali, mwana wina kumsana, wina akugwira siketi. Ine ndinkayenda kumbuyo, makutu ali kutsogolo.

"Ine ndikufuna kuphunzira kuwerenga bwinobwino," anatero motsitsa mawu. "Mankhwala a anawa ndimachita kupempha mwana wa aneba kuti andiwerengere. Koma kukakhala m'kalasi ndi tiana, ayi, manyazi. Tilipo ambiri otere."

"Ndikanene zimenezi ku komiti?"

"Mukanene. Koma osanditchula."

Achemwali anacheuka n'kundiloza. Ine ndinagwira pakamwa. Ndikunenetsa, zinali zowawa ngati kusunga chikanga m'tsaya, koma sindinauze munthu. Panopa ndikukuuzani chifukwa mwiniwake anadzandilola, mumva chifukwa chake.

Achemwali anabwereranso kumpopi masiku otsatirawo, mpaka atsikana anasiya kuwatchula anduna. Koma vuto linalipobe. Apampando ankafuna kuona atsikanawo ndi maso, ndipo komiti nayonso imakumana madzulo, nthawi ya madzi.

"Ndiye tisiye madzi chifukwa cha msonkhano?" anatero Chikuni. "Inu mukadzatiperekeza kunyumba kokalongosola?"

Achemwali anaganiza, kenako anati, "Wayilesi, Jekete amapezeka kuti masana?"

"Kwa ometa, pa benchi lapanja."

Mawa lake masana tinamupezadi ali pomwepo ndi anzake, jekete atatseka mpaka m'khosi.

"Mlongo, za chipinda zija tazisiya," anatero asanatipatse n'komwe moni. "Majezi akubwera."

Achemwali anati, "Jezi idzang'ambika, achimwene. Chipinda chidzakhala."

"Chidzakhala cha atsikana. Ife tipezapo chiyani?"

"Tsiku lili ndi m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo pali Loweruka. Pulu yanu ikwana. Koma tikapita ogawanika, chitenga ndi simenti."

"Ndiye ukufuna titani?"

"Tsiku la msonkhano, mukaime pamzere wa madzi m'malo mwa atsikana, kuti iwo akayankhule."

Anyamata aja anaseka mpaka wina anagwa pa benchi. "Ine?" anatero Jekete. "Pamzere wa ndowa? Ndi jekete iyi?"

Wometa anasuzumira pakhomo, makina ali m'manja. "Bwana, madzi amene mumasamba m'mawa aja amatunga ndani? Kapena jeketeyo ndi yobisira kuti simusamba?"

Kuseka kunatembenukira kwa Jekete. Iye anangoti, "Tiona." Ine ndinafunsa achemwali kuti "tiona" ameneyu ndi inde kapena ayi. Iwo anati sakudziwa.

Tsiku la msonkhano lija linafika. Atsikana anali kumpopi atavala zochapa, koma aliyense ataima pafupi ndi ndowa yake. Anyamata kunalibe. Mpopi unayamba kutsokomola, kenako madzi anatuluka. Achemwali ankangoyang'ana kumsewu.

"Ndinanena ine," anatero Chikuni. "Majezi apambana."

Pomwepo tinamva likhweru. Anali Jekete, kumbuyo kwake anyamata angapo. Sanabwere onse, ena anasankhadi majezi, koma amene anabwerawo anali okwanira. Jekete anayang'ana mpopi, anayang'ana matope, kenako anachita chinthu chimene dera lonse likukambabe mpaka lero. Anavula jekete.

Anthuni, mikono yake ndi yabwinobwino! Palibe chipsera, malaya ake ndi osang'ambika. Ndi yowonda chabe. Zaka zonsezi ndinkafufuza pachabe.

"Iwe Wayilesi, ndigwirire iyi. Ikanyowa udzandiona," anatero. "Yoyamba ndi ya ndani? Pitani msanga, tisanasinthe maganizo."

Tinathamangira kuholo. Achemwali analowa okha, ife tinadikira pakhomo. Ine ndinakasuzumira pawindo, chifukwa mwayi wodziwa zimene amakambirana uja unali umenewu. Mipando yapulasitiki inalipodi. Zoziziritsa kukhosi kunalibe.

Achemwali anafotokoza bwinobwino: m'mawa amayi achitsikana aziphunzira kuwerenga, masana oluka tsitsi, madzulo ana a sukulu aziwerenga, Loweruka pulu ndi mpira. Sanatchule dzina la munthu.

Apampando anayang'ana pamwamba pa magalasi awo. "Achinyamata ake ati?"

Achemwali anatsegula chitseko. Tinalowa mpaka holo inadzaza, ena masiketi atanyowa m'mphepete, ena ana ali kumsana. Ndipo mukudziwa amene anakweza dzanja? Make mapasa! Ananena yekha kuti, "Amene akufuna kuphunzira kuwerengayo ndine. Ndikufuna ndiziwerenga ndekha mankhwala a ana anga."

Abambo a hadiweya, amene nawonso anali pamsonkhanopo, anaimirira mwaulemu. "Apampando, ndikuona atsikana okhaokha. Ulendo uja tinamva za anyamata okhaokha. Ndiye kuti sakugwirizanabe. Anyamatawo ali kuti?"

"Ali kumpopi," anatero achemwali. "Akutisungira malo."

"Anyamata? Kumpopi? Ndani angakhulupirire zimenezo?"

Achemwali anandiyang'ana n'kugwedeza mutu. Apa ndiye ndinali nditatumidwa. Ndinakweza jekete ija m'mwamba ndi manja awiri.

Holo yonse inaphulika ndi kuseka, chifukwa jekete imeneyo palibe amene saidziwa. Ngakhale abambo a hadiweya anaseka n'kukhala pansi. Apampando anavula magalasi n'kupukuta misozi. "Ngati mwana uja wavula jekete," anatero, "ndiye kuti nkhaniyi mwagwirizanadi." A komiti anakweza manja, ndipo makiyi anaperekedwa kwa achemwali.

Titabwerera kumpopi tinapeza ndowa zonse zodzaza, zitandandalikidwa bwino. Jekete anali atanyowa kuyambira m'mutu mpaka kumapazi chifukwa anayesa kusenza chigubu. Mayi wogulitsa madzi anati sanasekepo chonchi chiyambire ntchito.

Panopa chipinda chija chimatseguka tsiku lililonse. Abambo anawotcherera mawindo ake, anyamata anapaka penti. Make mapasa wayamba kuwerenga yekha, ndipo anamwino amadutsako kukamuona. Nthawi zina timakangana za tsache ndi makiyi, koma misonkhano ya achinyamata tsopano imachitika m'mawa wa Loweruka, pulu isanayambe, pamene aliyense angathe kubwera.

Ine ndinapeza yankho la funso langa lija. Woimira anthu si baji kapena mpando. Anthu akapanda kubwera kumsonkhano, musathamangire kunena kuti ndi aulesi. Funsani kaye kuti nthawi imeneyo amakhala kuti, mupite komweko, mumvetsere, ndipo munyamule mawu okhawo amene akutumani. Ndipo ngati pali ndowa imene ikumulepheretsa mnzanu kukayankhula, mugwirireni ndowayo kuti akanene yekha.