Kugwa kwa Phungu Pelpola

Kusumalatha ankadziwa kuti mwamuna wake amamwa. M'Sri Lanka monse mwina ankadziwa ndi iye yekha, chifukwa a Jinadasa Pelpola anali phungu wa Nyumba ya Malamulo amene anatchuka ndi kudana ndi mowa. Anatseketsa malo omwera m'dera lawo lonse, ankadzudzula atsikana ovala mathalauza, ndipo amonke, atsogoleri a chipembedzo cha Chibuda, ankawakhazika kutsogolo pa mwambo uliwonse wa kukachisi. Koma akafika kunyumba ankadzitsekera kuchipinda ndi kachasu wa kokonati. Mabotolo akatha, Kusumalatha ankakawakwirira kuseri kwa nthochi.

"Bambo, izi zidzaululika tsiku lina," ankawauza.

"Iwe, anthu amavotera zotuluka m'kamwa mwanga, osati zolowa."

Zinaululika pa tsiku la mwezi wathunthu, tsiku lopatulika limene ngakhale zidakwa zimapita kukachisi. A Pelpola anayamba kumwa m'mamawa, masana n'kukakamira kuyendetsa okha galimoto popita kokalankhula. Kusumalatha anabisa makiyi m'thumba la mpunga, koma atamukalipira anawatulutsa. Pamphambano ya kumsika galimoto inasiya msewu n'kugunda Seelawathi, mayi wogulitsa maluwa okapereka kukachisi. Mayiyo anafera pomwepo.

Anthu anathamangira kukapulumutsa phungu wawo. Atatsegula chitseko, fungo linawalonjera.

"Abale inu, abwana aledzera!" anakuwa wogulitsa nsomba wina, akukweza botolo m'mwamba.

Dzuwa lisanalowe, dziko lonse linali litawaona pa mafoni akudzandira, nsalu ya m'chiuno ikumasuka, akukalipa kuti, "Mukundidziwa kuti ndine ndani?" Kusumalatha anaonetsedwa ndi mnansi wake, ndipo chimene maso ake anakakamirapo chinali phazi la mayi uja, likuonekera kunsi kwa galimoto.

Apolisi atawatulutsa pa belo, mkulu wa chipani anaimba foni. Kusumalatha ali kukhitchini ankamva mwamuna wake akuyankha: "Inde bwana... koma bwana, zaka zonsezi... chabwino bwana." A Pelpola anatula pansi udindo tsiku lomwelo. Zithunzi zawo za m'misewu anthu anazipaka ndowe, ndipo pakhomo pamene pankadzaza opempha ntchito panangoti zii.

Kusumalatha anaphika mpunga ndi mphodza, n'kusenza yekha kupita kumaliro. Mwana wamkazi wa malemu anamuimitsa pachipata.

"Mayi, inu mumadziwa kuti amamwa?"

Kusumalatha anayang'ana pansi. Mtsikanayo anamuyang'ana nthawi yaitali, osalira, osatukwana.

"Bwererani nacho chakudya chanucho. Pano palibe angachimeze."

Anabwerera anthu onse akumuona, mphika ukumuwotcha pamutu.

Khoti linawapeza olakwa a Pelpola. Kusumalatha akapita kundende kukawaona, iwo sankafunsa za ana, sankatchulanso za malemu. Funso linali limodzimodzi: "Achipani anenapo kanthu?" Iye ankangopukusa mutu.

A Pelpola anatuluka kundende ali nkhalamba. Palibe anabwera kudzawachingamira kupatula mkazi wawo, ndipo anakwera basi yodzaza thothotho. A Pelpola anaima pakati, akuyang'ana nkhope za anthu mmodzimmodzi, kudikira woti awazindikire, kaya awapatse mpando kaya awatukwane. Kondakitala anangowagunda paphewa.

"Sunthirani kumbuyo, madala, mukutseka njira."

Anasuntha.